Mayeso a Rahema

Lolemba, 2 Juni 2025

Kwazizira. Matumba a mpunga olowa pa chigayo chathu cha pa Songani lero: 41. Dzina la Rahema pakamwa pa mwana wanga Agatha, nthawi ya nkhomaliro yokha: ka 11. Langa: kawiri, ndipo kamodzi amapempha mchere.

Rahemayu ndi wa kampani ya ku Blantyre imene Agatha waipatsa ntchito yolondera makompyuta ndi mafoni a chigayo. Chilandire akuba watsapu yathu mu Epulo, n'kumalembera makasitomala ngati ndife, Agatha mtima sunakhalenso m'malo. Akuti kampaniyi sidikira kuti tiberedwe, imaona wakuba asanagogode. Alonda ali ku Blantyre, katundu ali ku Domasi. Ine ndalondera chigayochi zaka 16, chimwalirire abambo ake a Agatha, pampando womwewo pafupi ndi sikelo. Palibe ananditchapo kampani.

Lachitatu, 4 Juni

Rahema wabwera. Wamfupi, mpango wobiriwira kumutu, zaka mwina 30. Ulemu ali nawo, zimenezo sindikana. Moni wa manja awiri. Kenako anapempha kope langa.

Kope lakuda, masamba 96. Mapasiwedi onse a chigayo, 17, olembedwa ndi dzanja limene lalemba pa bolodi zaka 34. Anati, "Amayi, dzanja lanu ndi lokongola, koma kope silifunsa kuti wanditsegula ndani." Agatha anaseka. Mano onse panja.

Onse 17 asinthidwa. Tsopano kuti kompyuta itseguke, kanambala kazibwera pa foni ya Agatha. Ndikafuna kuona mndandanda wa alimi, ndizipempha. Lero ndapempha katatu. Kachitatuko sindimafuna kanthu, ndimafuna andiyang'ane. Anatchula kanambalako maso ali pa foni.

Kope ndabwera nalo kunyumba. Palibe wandiletsa, poti silitsegulanso kanthu.

Loweruka, 7 Juni

Agatha akumutcha Rahema "achemwali". Wamupatsa mpunga wa faya wosankha, uja timasungira alendo. Mafoni a Agatha kwa Rahema sabata ino, amene ndamva ndi makutu anga: 19. Kwa ine, akuti aimbirenji poti timaonana tsiku ndi tsiku. Zoona. Nkhuku za pakhomo nazonso timaonana tsiku ndi tsiku.

Rahema anatisonkhanitsa a pa chigayo tonse 9 pansi pa mtengo wa mango. Phunziro la mauthenga achinyengo, aja obwera ndi linki yoti udine. Ndinakhala kumbuyo. Zolakwa m'Chichewa chake: 6. Anapanikiza zambiri, sanabwereze mfundo ndi imodzi yomwe, sanafunse funso pomaliza. Ndikanakhala woyendera masukulu ndikanamubweza. Zimene ananena zenizenizo sindinazigwire zonse.

Lachinayi, 12 Juni

Ndiyambe ndi nthawi.

9:14 m'mawa, uthenga pa foni yanga ya ku ntchito: "Tikudziwitseni kuti mayi athu a ku Naisi atisiya. Dongosolo la maliro ndi chithunzi, dinani apa." Dzina palibe. Koma ku Naisi ndili ndi anzanga a Mvano atatu odwala. Ndinadina. Netiweki yovuta, tsamba kumangozungulira. Uthenga wa maliro sugona m'thumba. 9:16 ndinautumiza ku gulu la amayi a Mvano, anthu 43. Chitenje m'chiuno, minibasi.

Pofika 11 koloko tinalipo amayi 14 pamsewu pa Naisi. Ena nkhuni pamutu, a Dyna atcheya athu ndi beseni la ufa. Masamba pamsewu palibe. Kulira kulikonse palibe. Tinalowa makomo onse atatu. Odwala onse amoyo, mmodzi akusenda chinangwa pakhonde, n'kutifunsa kuti kwagwanji.

Pamenepo tsamba lija linatseguka. Lofiira. "Awa anali mayeso ochokera kwa alonda a makompyuta anu. Mwadina linki yachinyengo."

A Dyna anati, "Aphunzitsi, nanga nkhunizi tikatule kwa ndani?" Sanaseke pamaso panga. Anadikira ndikwere minibasi.

Lachisanu, 13 Juni

Sindinapite ku chigayo. Koyamba kujomba chichokere malungo a 2019.

Agatha anabwera dzuwa litapendeka. Ndimayembekeza kuti wakwiyira kampaniyo. Mawu ake oyamba: "Amayi, Rahema wadandaula kwambiri." Ine ndazungulira Naisi ndi amayi anzanga 13 kufunafuna mtembo, wodandaula n'kukhala Rahema. Anakhala mphindi 25. Tiyi sanamalize.

Lamulungu, 15 Juni

Ku tchalitchi. Ondipepesa maliro akudziluma milomo: 8. Abusa sanatchule kanthu, koma anatsokomola atandiona.

Lachiwiri, 17 Juni

Rahema wabwera kunyumba kuno, yekha, pa kabaza. Anavula nsapato, n'kukhala pamkeka mipando ilipo. Akuti uthengawo analemba mnzake wa ku ofesi, wokulira m'tauni, amene sanaganize kuti kuno uthenga wa maliro ukaulandira umakhala ndi udindo woupititsa. Anati iye anauona usanatumizidwe ndipo sanauletse, cholakwa ndi chake. Ndinamusiya apepese kawiri.

Odina tinalipo 7 mwa 9. Mayina akuti saulula. Sizinafunikenso. Anthony wa pa injini anandiuza kale kuti osadina ndi iyeyo, poti foni inali itatha moto, ndi Agatha. Agatha anawerenga uthenga wa maliro n'kuufufuta. Mwana amene ndinamulera ine.

Lamulo la Rahema: uthenga ukakuthamangitsa mtima, usadine. Imbira mwini nkhani pa nambala imene umaidziwa kale. Akuti ananena pansi pa mango paja. Mwina.

Potsanzika anati, "Amayi, mwakonza mayeso zaka 34. Tilembereniko athu. Inu mukudziwa chimene anthu akuno sangachilambalale." Ndinati ndiganiza kaye. Ndinali nditaganiza kale asanatseke pakamwa.

Chondipweteka n'choti sindinamupeze pomugwira. Ndinayesa.

Lachinayi, 19 Juni

Ndalemba asanu. Wa mayina a olandira makuponi a feteleza. Wa madera amene magetsi azime. Wa zithunzi za chinkhoswe. Wa ntchito ya udalaivala. Anayiwa Rahema anawaseka pa foni, akuti agwa onse ngati mango a mphepo.

Wachisanu ndi wa Agatha yekha: "Amayi anu agwa kubafa. Onani apa kumene awatengera."

Uwu Rahema sanauseke. Anati umenewu ndi wowawa, ndipo wa maliro uja wamuphunzitsa kale. Ndinati akuba sasankha wokoma, ndipo mwini kubafako ndine, ndavomera. Anati, "Chabwino, koma mukhale pafupi ndi foni. Akaimba muyankhe nthawi yomweyo." Ndinati nanga ndipita kuti. Tagwirizana Lachiwiri, 10 koloko.

Ndikudziwa chimene ndikuchita. Akadina walephera, ndipo kompyuta ya ku Blantyre imulemba pamodzi ndi ife 7. Ndikufuna adine. Ndikufuna pakhale chinthu chimodzi choposa phunziro la Rahema, ndipo chinthucho chikhale ine. Zaka 34 sindinafunirepo mwana kulephera.

Lachiwiri, 24 Juni

Ndakhala kunyumba. Dzulo ndinauza Agatha kuti bondo lavuta. Foni patebulo, wotchi pambali pake. Ndikulemba zikuchitika.

10:00. Uthenga wapita. Rahema anati Agatha akangodina, andidziwitsa pomwepo.

10:02. Palibe.

10:03. Mwina ali pa sikelo. Mwina injini ikusokosa. Mwina wafufuta.

10:04. Foni ikulira. Ndi Agatha. Ndiye kuti sanadine. Wakhoza. Waimba pa nambala imene amaidziwa, ndendende monga anamuphunzitsira. Ndingadziwe bwanji kuti waimbira amake, kapena wangotsata lamulo?

Yaduka italira ka 9. Yayambanso.

Ndikayankha, amva mawu anga, mtima ukhala pansi, abwerera ku sikelo, ndipo madzulo auzana ndi Rahema kuti njira yawo yagwira. Ndikapanda kuyankha, lamulolo lathera pomwepo. Rahema sananene choti munthu achite mwini nkhani akapanda kuyankha. Chotsatiracho chikhala cha Agatha yekha.

10:06. Kachitatu. Ndinalonjeza kuyankha. Mwana akuphika mtima uko, ndikudziwa.  Dzanja lamanzere ndalikhalira kuti lisatole foni.

10:07. Rahema nayenso akuimba. Ameneyo adikire.

10:09. Zii.

Kuchokera pa Songani kufika pano pa njinga yamoto ndi mphindi 12, msewu ukakhala wouma. Ndi wouma.

10:10. Ndatsegula geti. Ndayamba kuwerenga mphindi.