Kabokosi Kolankhulira Amayi

Lolemba, 9 Juni

Woyamba kundiuza kuti m'kati mwa makina mumakhala makina ena ndi mkamwini wanga, lero, ali chiimire pakhomo la kukhitchini. Ndinaseka. Nkhani ndakamba moyo wanga wonse, m'mabasi, pamizere ya kuchipatala, zoona ndi zothira mchere, koma bodza lotere sindinalipekepo.

Nkhani ndi iyi. Galasi lolankhulira la akazi anga lafa. Dzulo linangonunkha ngati waya wopsa, n'kuthima. Amayi matenda a minyewa anawalanda lilime kalekale, chatsala n'chala chimodzi. Amakhudza chithunzi pagalasipo, mawu awo enieni n'kutuluka. Mawuwo anawajambula ndi mwana wathu wamkazi wachisamba lilime lisanaume.

Lachisanu kwa dokotala. Akufuna kuboola pamimba, aike paipi yodyera, poti kumeza kwavuta. Akuti mpeni sagwira asanamve kwa mwini wake.

Ine ndanena kale. Amayi sakufuna. Munthu wowonda chonchi, akagonekedwa adzadzukanso?

Lachiwiri, 10 Juni

Mwana patebulo kuyambira mamawa. Tsitsi osapesa. Mawu ndi zithunzi zonse zilipo, anasunga. Vuto akuti pulogalamu yolankhulitsa galasi lija anailemba yekha m'chilankhulo china cha makompyuta, cha anthu ochepa, ndiye kompyuta payokha siimva. Pamafunika womasulira pakati. Ndiwo makina aja ananena mkamwini: opanda nati, opanda waya, ongolembedwa. Ndipo wa pulogalamu yakaleyi sapezeka wopangapanga. Umatenga zolemba zake zoyambira, umumange wekha pa kompyuta iliyonse payokhapayokha. Kukompaila, akutero.

Ndinati ndiye mumange, bwanji mukungoyang'ana? Anati, "Bambo, ikumanga. Mukaona ndakhala chete ndiye kuti ntchito ikuyenda."

Zilembo zimangothamanga pagalasi lakuda ngati nyerere zosokonezedwa. Masana laputopu yake inalankhula. "Ndikufuna madzi." Mawu a amayi! Ndinagwetsa supuni.

Koma laputopuyo galasi lake silimva chala. Mabatani amayi sangadine, mphamvu palibe. Chimwemwe cha kamphindi.

Zoyankhula ndi amayi tagwirizana kuphethira. Kamodzi inde, kawiri ayi. Koma maso awo amajenga misozi, amaphethira okha. Ndinafunsa za paipi. Ine ndinaona kawiri. Mwana akuti kamodzi. Tinakangana pamutu pawo ngati ogula mbuzi.

Lachitatu, 11 Juni

Mkamwini wabwereketsa laputopu yake. Galasi lake limamva chala. Ndinati basi tapulumuka.

Ayi ndithu. Yake ndi yamtundu wina, ili ndi makhalidwe ake. Zolemba zomwezo, zimene dzulo zinamangika bwinobwino, lero zikukanidwa. Zilembo zofiira tho! Akuti chomangira chake n'chatsopano, chikunyansidwa ndi kalembedwe kakale. Akonza apa, chadandaula apo. Akonza apo, chikuti chidutswa chotulutsa mawu sichikuchiona.

Anayamba kulozana zala. Mkamwini akuti bwanji unasankha chilankhulo cha anthu khumi dziko lonse. Mwana akuti, "Nthawi imeneyo unali kuti? Unkandilembera mameseji achikondi olakwika sipelo." Ndinatuluka dala.

Kuchipinda nako moto. Ndawapatsa amayi tiyi wothira shuga wambiri, poti ndinaona ngati akufuna. Anatsamwa mpaka nkhope kuda. Ndinawagwira msana. Atapuma anandiyang'ana. Diso limenelo ndikulidziwa, ndi la tsiku lija ndinagulitsa wailesi yawo osawauza.

Kuti mtima ukhale pansi ndinawakambira ya telala amene anasokera mkwati diresi la manja atatu. Kale ankaseka pofika pa dzanja lachitatu. Lero anatseka maso ndisanafikepo. Kutopa, kapena ine?

Sindikukhazikika. Ndasesa pakhonde kawiri.

Lachinayi, 12 Juni, m'mawa

Yamkamwini aisiya. Atulutsa m'dirowa kakompyuta kangati sopo wosambira, kopanda chikuto, mawaya pamtunda. Akalumikiza ku kagalasi komva chala. Ndinati aka? Aka ndiye kanyamule pakamwa pa mkazi wanga?

Kayamba kumanga. Pang'onopang'ono, ngati nkhalamba yokwera masitepe. Katentha. Mwana anandipatsa chivundikiro cha poto, akuti, "Bambo, mumafuna ntchito, kupizani." Ndakupiza mpaka phewa kuwawa. Nditakhala, ndikukupiza, ndikukauza kuti limba mwanawe.

Pakati pa ulendo kaima. Akuti mutu wake ndi waung'ono, zonse sizikukwanamo nthawi imodzi. Mwana anaika chipumi patebulo. Sanalire, koma makutu anafiira.

Ine m'mtima, Mulungu andikhululukire, mwina n'chimodzimodzi. Kakakanika, mawa wolankhula ndine. Paipi sipakhala.

Lachinayi lomwelo, madzulo

Nzeru yabwera ndi mkamwini, ndimupatse ulemu wake. Akuti kamwanaka tisakavutitse. Timangire pa laputopu ya mwana ija, yamphamvu, koma tiiuze kuti chimene ukumangachi si chako, n'cha mnzako wamng'onoyu, umange pa muyeso wake. Ngati kusoka malaya a mwana iye ali kusukulu. Zimenezi ndinazimva msanga kuposa zonse za sabata ino.

Ulendo woyamba kanakana, akuti anaiwala kutchula mtundu wa ubongo wake. Wachiwiri zithunzi zinabwera, koma mawu ngati mvula padenga, shii. Wachitatu mawu a amayi anatuluka mothamanga ngati kamwana koba shuga. Tinaseka tonse, ngakhale amayi pakona pa mlomo panagwedera. Mwana anasintha nambala imodzi. Imodzi yokha!

"Ndikufuna madzi." Bwinobwino, ndi kakupuma kawo kaja kumapeto.

Tinakasendeza msanga pafupi ndi chala chawo. Amayi anali atatopa, chala chikungoterereka pagalasi. Mwana anati asiyeni, mphamvu asungire mawa. Ine ndinati ndiwafunse kamodzi kokha za paipi. Anandigwira dzanja. "Bambo, mwawafunsa sabata yonse. Munamva yankho lanu lokha."

Mwana wobala ndekha. Chakudya sichinalowe.

Kakompyuta akaika m'kabokosi ka pulasitiki, aboola mabowo kuti kazipuma, amanga ndi tepi ku mkono wa njinga ya olumala ya amayi.

Lachisanu, 13 Juni

Ndikulemba pabenchi, m'khonde la chipatala, pabondo.

Tinalowa tonse. Dokotala, mtsikana wamagalasi, anakokera mpando pafupi ndi amayi, osati ndi ine. Anafotokoza zonse, ubwino wake, kuopsa kwake, osabisa. Kenako anafunsa.

Ine pakamwa panatseguka pokha. Ndinati adokotala, mayiwa ndakhala nawo zaka zambiri, mpeni amauopa, ngakhale nkhuku ankapha ndine, ndipo tsiku lina mlongo wawo atapita ku opaleshoni...

Chala chinayamba kuyenda. Pang'onopang'ono. Tonse maso pagalasi. Chinadutsa madzi, chinadutsa kuwawa, chinaima.

"Inde."

Dokotala anafunsanso mwa njira ina, kuti atsimikize. Mukufuna tiike paipi?

"Inde. Ndili ndi njala."

Njala. Sabata yonse ine ndikukamba za telala.

Ndinati komatu amayi, taganizani bwino. Chala chinayendanso, ulendo uno mofulumirako. Zithunzi ziwiri zimene sindinkadziwa n'komwe kuti zilimo.

"Bambo. Panja."

Mkamwini anayang'ana kudenga. Mwana analuma mlomo. Ndinatenga chipewa changa.

Ndiye ndili pano. Kudzera pachitseko ndikumva mawu awo, akuyankha, akuyankhanso, ambiri kuposa amene andiuza ine mwezi wathunthu. Opaleshoni akuti mwina Lolemba. Zilembo zikupita kumbali pabondo pano. Bambo wina pabenchi pano wandifunsa kuti kabokosi kaja n'kachiyani, ndipo ndinayamba kumufotokozera za makina a m'kati mwa makina, koma chitseko chatseguka, namwino akuti amayi akundiitana, akuti ndilowe koma ndikhale chete.