Botolo la Madzi Ndabwerera Nalo

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wanga, inu ndi alamu ku Blantyre kumeneko. Kuno ku Makhuwira amayi akupezako bwino, koma mwana wanga Esinati wadwalika. Akusanza, ndipo zilonda zamutuluka m'miyendo.

Chiwonongekereni mjigo wathu tikutunga kumtsinje. Lachiwiri tinapeza nsomba zitayandama, madzi akununkha ngati mankhwala opopera m'munda. Ndinatungako m'botolo n'kupita nalo kuchipatala. Bambo woyeza madzi anandilandira bwino, koma anati, "Mayi, ife timayeza tizilombo toyambitsa matenda basi. Mankhwala atsopanowa tilibe choyezera, ndipo ena mwa iwo ngakhale malamulo sawatchula."

Ndinafunsa, "Nanga ndikathira kolorini?"

Anapukusa mutu. "Kolorini amapha tizilombo, mayi, koma sachotsa mankhwala."

Ndinabwerera nalo botolo langa. Nditafika, Esinati analira ludzu, ndipo ndinamumwetsa madzi omwewo, poti ena kulibe.

Chonde achimwene, fufuzani kumeneko komwe amayeza zoterezi. Zikakanika, bwerani mudzamutenge mwanayu azikamwa madzi a kwanuko. Ine ndi amayi tipirira.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Fanesi