Chiwala cha a Merle Chilibe Makiyi

Darcy, Lachinayi 9:14
ankolo Lonnie mwaiwerenga kalata ndakujambulirani ija?

Darcy, 9:15
ndaipeza mu dirowa ya adadi pobwera kudzadyetsa galu wawo. ndi ya kuchipatala cha maso, ya mwezi wa epulo

Darcy, 9:31
ankolo plz

Lonnie, 9:48
pepa mwana, ndinali pa mzere wa kubafa. anthu zikwizikwi, mipope yowerengeka. pomwe ukutuluka wayamba kale thukuta lina kkkk

Lonnie, 9:50
ndaiona koma zolemba madokotala zimandizunguza mutu. ine sukulu ndinaisiya nditangodziwa manambala a masipanala. ikuti chani

Darcy, 9:52
ikuti pakati pa maso onse awiri pafa. amaona mmbali mokha. anawaletsa ngakhale kuyendetsa galimoto. ndiye lolemba anauluka okha maola anayi kuchoka kuno ku Algona mpaka ku msonkhano wa ndege ku Oshkosh osandiuza kanthu

Lonnie, 9:55
aa bambo ako ali bhobho. ndikuwaona pano, akhala pansi pa phiko la kandege kawo, chiwala chachikasu chija, akunyoza soseji yanga kt ndapsereza. zaka 29 tenti yanga ikuyandikana ndi ya a Merle pa kapinga ameneyu. akanakhala kt sakuona ndikanadziwa

Darcy, 9:56
muwayang'anitsitse lero. osati ngati mnzawo wa mowa

Lonnie, 13:05
[mawu, 0:52] Darcy, ndasuntha pang'ono, ndili kuseri kwa ndege ya anthu ena. Mmm. Khofi athira pambali pa kapu, theka lathera pa nsapato. Kenako kwabwera Arlene wa pamzere wathu wa matenti uja, mayi amene akumudziwa zaka makumi awiri. Waima patsogolo pawo penipeni, iwo duu, mpaka atayankhula ndi pamene amudziwa. Ndiye ndakumbuka za Lolemba. Pano potera, a pansanja yowongolera ndege amakuuza chidontho cha utoto choti uterepo, poti ndege zimatera ziwiri kapena zitatu pamsewu umodzi. Iwo anawauza chobiriwira. Anakatera pa cha mnzawo, mnzawoyo nkuchita kukwereranso m'mwamba kuwathawa. Atafika pamatenti anati linali dzuwa, tonse tinaseka. Amene anaseka kwambiri ndine.

Darcy, 13:09
Mulungu wanga

Darcy, 13:09
akuti abwerera liti

Lonnie, 13:11
lamulungu mmawa, limodzi ndi chigulu. ndege mazanamazana kudzambatuka ngati njuchi zaputidwa

Darcy, 13:12
abisireni makiyi

Lonnie, 13:15
makiyi ati? unakulira pansi pa phiko limeneli iwe waiwala? kandege ka 1946 kaja kalibe makiyi, kalibe batire. wina amakhala mkati kuponda mabuleki, wina kunja kuzunguza propela ndi manja, basi kalira

Lonnie, 13:16
ndipo wakunjayo chaka ndi chaka ndimakhala ine

Darcy, 13:16
ndiye kanani

Lonnie, 13:20
mwana iwe, pano pali anthu amene anabwera kuchokera ku Australia kudzangonunkhiza mafuta a ndege zakale. mdala akangoima pafupi ndi propela nkuyang'ana uku ndi uku, amathamangira khumi, ena akupempha kt uwajambule. kukana kwanga nkuthira mchere mnyanja

Darcy, 13:22
ndiye kaneneni kwa akuluakulu a msonkhano. kapena ndinyamuke ine ndibwere

Lonnie, 13:29
akuluakulu abwera ndi kagalimoto ka nyali kudzawatenga pamaso pa mzere wonse, munthu amene anaphunzitsa theka la mzerewo kumanga zingwe. sadzadzukanso. ndipo akangomva mawu ako pano anyamuka tsiku lomwelo. ndipatse tsiku limodzi, bodza ndi ntchito yanga

Darcy, 16:40
ndawaimbira. sindinapirire

Darcy, 16:41
ati ndinalowa bwanji mu dirowa yawo, nkudula foni

Lonnie, 16:58
eya ndamva. mzere wonse wamva. tsopano akuti anyamuka loweruka. zkm kwambiri dona

Darcy, 17:02
pepani

Darcy, Lachisanu 8:20
mwadzuka bwanji. adadi ali bwanji

Darcy, 10:47
ankolo

Lonnie, 11:34
[mawu, 1:05] Ndagwidwa, mwana. Ndinawauza kuti ndege yanga yavuta injini, andinyamule mawa, yangayo ndidzaitenga sabata ya mawa. Nkhope nditaikonza ngati ya kumaliro. Iwo anangofunsa kuti yavuta pati. Ine ndati ikutsokomola. Ati tiye ukailize ndimve. Iwe, maso afa koma makutu aja ndi a mphaka. Ndailiza, yalira bwinobwino ngati kwaya ya pa Isitala, mbuzi ya ndege, tsiku limodzi lokha loti indithandize. Iwo anaima pamenepo manja m'thumba mpaka ndazimitsa. Kenako ati, Lonnie, wakutuma Darcy. Ine ndati ayi. Ati ndiye uli ndi mabodza awiri.

Darcy, 11:40
ndiye zatha bwanji

Lonnie, 11:44
ndinawauza chilungamo. ndati a Merle simukuona, mupha munthu. si inu nokha mmwambamo, muli mabanja ndi ana. ndikuganiza ndinakweza mawu

Lonnie, 11:47
ati sabata imodzi pachaka kwa zaka 29 ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha, ndiye ndisamadzione ngati ndimawadziwa. anyamula mpando wawo akaukhazika mbali inayo ya ndege

Lonnie, 11:48
masamu ake ndi olondola, ndawerengera pa zala

Darcy, 11:50
samatanthauza zimenezo ankolo. mukudziwa kt chimwalilireni amami amangodikira sabata imeneyi

Lonnie, 11:59
ndikudziwa. ndiye vuto lakelo

Darcy, 15:12
adya?

Lonnie, 15:30
Arlene wawapatsa chimanga chootcha ndi tchizi, alandira. changa akana. ndege zankhondo zikupanga masewero mmwamba, anthu onse makosi chagada, iwo nawo ayang'ana kumwamba koma mutu ukutsata phokoso. ndege ili kale uko, iwo akuyang'ana kumene inali. sindinaonepo chinthu chowawa chonchi ndipo ine ndasudzulidwa kawiri

Darcy, 15:36
ndapempha tchuthi kuntchito andikaniza, odwala achuluka. ndituluka mawa 10 koloko. mukaona kt zakanika kaneneni basi. bola andide ali moyo

Lonnie, 15:41
bola akude iwe. ine chaka chamawa ndidzamanga tenti pafupi ndi ndani

Lonnie, 15:42
ok. zikakanika ndikanena

Lonnie, Loweruka 6:38
apasula tenti kale. zingwe za ndege amasula. apeza chimunthu cha ku Texas cha chipewa chachikulu, chikuvula kale wotchi kt chizunguze propela

Darcy, 6:39
thamangani kaneneni

Darcy, 6:39
ankolo

Darcy, 6:44
ANKOLO

Lonnie, 6:51
[chithunzi: mawondo awiri apanikizika mkati mwa kandege]

Lonnie, 6:52
ofesi ili kutali, ine kuthamanga ndinasiya mchaka cha 1988. ndangolowa mu chiwala ndakhala pampando wakutsogolo. ndamanga lamba

Darcy, 6:52
mwatani??

Lonnie, 6:55
mapaundi 250 a nyama ya ku Missouri. andichotse tione. polowa ndang'amba buluku, potuluka pafunika mafuta ophikira

Lonnie, 7:03
andiuza mawu amene sindingalembere mwana wa mnzanga. wa ku Texas wavalanso wotchi wapita. anthu a pamzere aima patali ndi makapu awo, aliyense akunamizira kuyang'ana nyengo

Darcy, 7:05
musatuluke plz

Lonnie, 7:06
ndamwa makapu atatu a khofi. pemphera

Darcy, 7:25
zili bwanji

Lonnie, 7:33
asisita phiko la ndege yawo. tsopano akutsitsa katundu. tenti, mpando, bokosi la zakumwa, zonse pa kapinga. ine ndi katunduyo kandegeka sikangatinyamule tonse. Arlene akuti asunga

Lonnie, 7:35
angofunsa mphepo kt munthu wonenepa chonchi amadya chani

Darcy, 7:36
nanga ndege yanu

Lonnie, 7:37
yamangidwa bwino. ikhale pompo iganizire zimene inandichita dzulo

Darcy, 7:38
ayendetse ndani

Lonnie, 7:40
mipando yonse iwiri ili ndi ndodo yowongolera. iwo ali kumbuyo, malo a mwini ndege. za amene ayendetse sitinakambe

Darcy, 7:40
ankolo mukambe kaye musananyamuke

Lonnie, 7:44
mwamuna wa Arlene ndi amene akuzunguza propela. ndikuzimitsa foni

Darcy, 7:45
ayi dikirani

Darcy, 8:30
mwanyamuka?

Darcy, 9:15
Arlene akuti munanyamuka 8:10. akuti kandegeko kanayenda mokhotakhota pamsewu koma kanadzuka

Darcy, 10:06
ndatuluka kuntchito. ndili mgalimoto pa parking sindikudziwa kolowera

Darcy, 10:41
mmodzi wa inu ayankhe

Darcy, 10:58
adadi

Merle, 11:12
[mawu, 0:34] Darcy. Ndine bambo ako. Tili ku Prairie du Chien, pa kabwalo kaja timamwetsapo mafuta. Tili bwino. Ubwere ndi galimoto udzanditenge. Ndege abwera nayo Lonnie kunyumba mawa, akapeza wina womuzunguzira. Usathamange pamsewu. Galu wadya?

Darcy, 11:13
wadya adadi. ndanyamuka

Darcy, 11:14
ankolo chachitika nchani

Lonnie, 11:26
ponyamuka tinagwira tonse awiri, aliyense akunamizira kt sakudziwa za mnzake. ndodo ziwirizo nzolumikizana, wina akakankha iwe umamva mdzanja. njira yonse anali akundikoka, ine ndikubweza. maola awiri ngati anthu okanganirana khasu

Lonnie, 11:29
titayandikira anandifunsa kt mtsinje tiufika nthawi yanji. Mississippi yense uja, ali pamphuno pathu penipeni akunyezimira. ndati ndi uyu a Merle

Lonnie, 11:30
ndinangomva ndodo yapepuka mdzanja langa

Darcy, 11:31
ali kuti pano

Lonnie, 11:38
akhala pa udzu pansi pa phiko, atsamira tayala. ndawapatsa soseji yanga yozizira ija alandira. usaimbe kaye