Ulesi wa Amayi

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, ngakhale ndikudziwa kuti muli bwino, chifukwa munthu wosagwira kanthu sadwaladwala. Alamu ali bwanji? Nanga ana? Za amayi sindifunsa, mwandiuza kale. Ine kuno ndilipo, ndikusitabe nsalu za alendo kuhotela kuja, manja ali zipsera zokhazokha.

Kalata yanu ndalandira Lachiwiri. Ndaiwerenga katatu, kufunafuna pamene mwina mumaseka, koma sindinapapeze. Mwalemba kuti amayi ayamba ulesi. Akuti madzi sakutunganso, pabwalo sakusesa, ana akupita kusukulu osasamba, iwo akungokhala pakhonde atatsamira khoma. Mwawonjezera kuti chifukwa cha ulesiwo anenepa miyendo mpaka nsapato zawo zakutchalitchi sizikulowa. Ndipo mukuti ine ndiwalembere mawu owadzudzula, poti ine amandimvera.

Achimwene, sukulu munapita patali kuposa ine, koma mundilole ndikuphunzitseni liwu limodzi lokha. Ulesi ndi pamene ntchito ili patsogolo pako, mphamvu uli nazo, koma iwe nkuyang'ana kumbali. Inu mumakonda kudzitcha lova, ngati kuti ndi udindo. Ayi. Malova ndimawaona m'mawa uliwonse pageti la hotela, atapolisha nsapato zong'ambika, kudikira kuti mwina wina wachotsedwa. Lova amadzuka. Inu zaka makumi anayi ndi chimodzi, chomwe munasenzapo pamutu ndi chipewa basi, ndipo benchi ya pagolosale ikukudziwani kuposa ana anu.

Ndikuuzeni nkhani yakuno. Pambali panga pankasita mayi wina amene tinkangomutcha amake mapasa. Anali wachangu, ine ndikamaliza nsalu ziwiri iye ali pa yachinayi. Chaka chatha anayamba kukhala pansi. Amasita pang'ono, nkukhala pa ndowa yovundikira, kupuma ngati wakwera phiri. Kapitawo wathu, bambo wa mimba yotsogola amene sanagwirepo simbi chibadwire, anayamba kumutcha mlesi pamaso pa tonse. Ankati taonani, wadya zahotela mpaka mapazi akusefukira m'nsapato. Ife tinkaseka. Inenso ndinaseka, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Anamuchotsa ntchito, pa kalata analembapo liwu lomwelo. Patangotha masabata atatu tinakamuika m'manda. Adokotala anati mtima unatopa kalekale, ndipo m'miyendo muja sanali mafuta, anali madzi. Kumaliro kapitawo analankhula bwino kwambiri, anati tataya munthu wolimbikira.

Ndiye mukawerenga apa, dzukani, ndikudziwa kuti nkovuta, mupite pakhondepo. Mudinikize chala pa mwendo wa amayi, muchotse. Pakatsala kadzenje, mudziwe kuti mwakhala mukutukwana munthu wodwala. Akulu anati mako ndi mako angachepe mwendo. Athuwa mwendo sunachepe, watupa, ndipo mwana wawo woyamba wauyang'ana nkuona ulesi.

Mayi ameneyo anakuberekani kumsana mpaka miyendo yanu ikukwekwereza pansi. Bambo atamwalira anagulitsa makala kuti inu muvale yunifolomu. Mutakwatira, anayamba kuchapira anthu awiri m'malo mwa mmodzi. Alamu, muwauze kuti sindinawaiwale, anabwera pakhomopo ndi zikhadabo zazitali, ndipo ndamva kuti palibe ndi chimodzi chomwe chinathyokapo. Lero bulu wagona pansi, ndiye okwera akudandaula kuti ulendo wachedwa.

Musaganize kuti ine ndadziyeretsa. Zaka zinayi osabwera kudzawaona, ndikumati ndatanganidwa. Umenewonso ndi ulesi, wangovala yunifolomu. Koma wanga ndauzindikira, ndipo ukuthera pano.

Pempho langa ndi limodzi. Mu envelopumu muli tikiti ya basi ya Loweruka m'mawa. Ndatumiza tikiti dala, osati ndalama, chifukwa tikiti simungaigulire fodya. Muwaperekeze amayi kudepoti, chikwama munyamule inu, muwakhazike pampando wapawindo, muuze kondakitala kuti awathandize potsika. Ine ndikakhala ndikudikira, ndipo Lolemba ndikupita nawo kuchipatala. Akakana poti ana atsala ndi ndani, muwauze kuti anawo ali ndi amawo ndi abambo awo, onse amoyo, onse amiyendo yabwinobwino. Musawauze zimene munandilembera. Akadzamva, si ine wodzawauza.

Tikitiyo ndi yobwera kokha. Chipinda changa nchaching'ono, koma bedi ndawasiyira, ine ndizigona pansi. Kuno azikhala tsiku lonse osagwira kanthu, ndipo amene adzawatche dzina lija adzaona kuti simbi yamoto imagwiranso ntchito zina.

Mupereke moni kwa azakhali ndi amalume aang'ono. Ana muwapsompsone, ndipo muwasambitse, madzi saluma. Alamu muwapatse moni wapadera, muwauze kuti chitsime chili komwe chinali, kuseri kwa sukulu.

Amayi akakwera basi, liwu lija litsala pakhomopo lopanda mwini. Mugawane ndi alamu, likukwanirani nonse.

Ndatha ine mlongo wanu,
wosita nsalu za eni.