Si Chulu Ayi

Lolemba, 9 Okutobala 2023

Kuno ku Katowo. Fumbi mpaka m'mano. Miyezi isanu chichokere kwathu ku Ntcheu, ulangizi wa zaulimi ukundikalambitsa. Lero tayeza munda wachitsanzo kwa a Amock, bambo wachikulire amene anapereka malo ku pulojekiti. Pakati penipeni pa munda, chulu chofiira, chachitali kuposa ine. Ndati chigumulidwe, dothi lake timwaze m'mizere, ndi manyowa aulere amenewo. Ndatenga khasu kuti ndiwaonetse. Kumenya kamodzi, kachidutswa kagwa. A Amock andigwira dzanja. "Yayi, a mlangizi, icho si chulu." Sanafotokoze. Mu lipoti ndalemba kuti alimi a kuno ndi ouma mitu.

Lachitatu, 11 Okutobala

A Mackson, bwana wanga, pa foni: alendo a pulojekiti abwera pa 20, mizere ikhale yowongoka, chulucho chichoke. Apo ayi, munda upita kumudzi wina pamodzi ndi mbewu ndi feteleza. Ndawauza a Amock. Anangoti Loweruka ndivale nsapato zolimba.

Loweruka, 14 Okutobala

Miyendo si yanganso. Maola anayi kukwera mapiri cha ku Nyika, a Amock patsogolo ndi ndodo, osapuma, ine pambuyo kutukwana chamumtima.

Kenako m'tchire, zitatu, zitaima. Zofanana ndi "chulu" changa, koma izi zathunthu, zapakamwa pamwamba, timabowo pansi mozungulira. Ng'anjo. Momwe makolo awo ankasungunulira miyala kuti ituluke chitsulo. Makala pansi, miyala pamwamba, moto masiku angapo. Ati makasu ochokera muno ankalowolera akazi.

Ndinapenya m'kati. Mizere ya zala pa dothi, pomwe munthu ankamata. Pena panang'aluka, wina anamatanso mothamanga, moipa ndithu, ngati mmene ndimamatira ine mbaula yanga. Pambali mulu wa zotsalira zakuda, zolemera. A Amock ati nthawi zina chitsulo chinkakana kutuluka, anthu n'kuyambanso. Choncho analinso olephera, otopa, okalipirana. Anthu basi.

Ndinachita manyazi. Dipuloma yanga yonseyi, sindingapange ngakhale msomali. Khasu ndimadikira la ku golosale.

A Amock anandiyang'ana, anaseka. "Kale mwanakazi sakanaponda pano, muli ndi mwayi chomene." Ndinawayankha kuti nanga amene ankalimira makasuwo anali ndani, si akazi? Makolo nawonso anali ndi zawo zopusa, sindiwapembedza. Koma ouma mitu ayi.

Lamulungu, 15 Okutobala

Sindinapite ku tchalitchi, matuza. Ndafufuta chiganizo chija cha ouma mitu mu lipoti mpaka pepala kubooka. Ndikuganiza za Ntcheu. Zingati zomwe ndinkadutsa n'kumati ndi chulu?

Lachiwiri, 17 Okutobala

Ku ofesi. Ndawaonetsa a Mackson zithunzi pa foni. Sanakulitse n'komwe. "Mayi, ife si a zakale, ndife a chimanga." Ndati tisunthe zingwe zoyezera munda mapazi makumi awiri kumtunda. Ati kumtundako ndi miyala, ndipo mapu anapita kale kwa alendo. Ati ndikapitiriza makani andilembera kalata, andiponya kumene netiweki sifika. Ndati pepala lilipo, cholembera ndingawabwereke. Pakamwa pangapa padzandiphetsa, amayi ankanena.

Lachinayi, 19 Okutobala

Zandipweteka lero. A Amock abwera okha m'mawa, chipewa m'manja. "Gumulani waka, mwana wanga. Zidzukulu sizidya ng'anjo." Akuopa kuluza mbewu, ndipo mudzi wonse udzawaloza chala. Munthu yemwe anandikweza phiri maola anayi.

Ndinafuna kuwakalipira. Ndi ufulu wanji? Ine malipiro amabwera, mvula igwe isagwe. Iwo ayi. Ndinangowafunsa ngati akufunadi kuti ng'anjoyo igwe. "Agogo a adada anga anamata iyo."

Basi. Ndazula zikhomo zonse, ndasunthira zingwe kumtunda. Mlandu ukhale wanga, osati wawo. Miyala yambiri zedi. Ndayamba kuichotsa ndekha. Masana afika akazi awo a Amock, a Rahab, ndi amayi ena asanu ndi mmodzi, osaitanidwa, ndi mabeseni. Palibe amene analankhula za ng'anjo. Dzuwa polowa, mizere khumi ndi iwiri. Iwiri yokhota, ikhale choncho.

Lachisanu, 20 Okutobala

Ndili kumunda, ndikulembera pa bondo. Aganyu awiri amene a Mackson anawatuma afika ndi mapiki m'mamawa. Ndawauza kuti ayambe ndi ine. Ayang'anana, akhala pansi pa mtengo, akudya mango.

Lipoti ndalemba latsopano: malo anasunthidwa ndi mlangizi, mlimi alibe chifukwa. Ndasaina dzina lonse, zilembo zazikulu. Zikhatho zatupa, cholembera chikuterera. Mantha ndili nawo, sindinama. Akandichotsa kuno ndidzalira, ine amene ndinkapempherera tsiku lochoka.

A Amock avala jekete la ku tchalitchi. Aima pafupi nane.

Galimoto ziwiri za alendo aja pa msewu, fumbi. Ndikuimirira.