Phazi Lanu Lapezeka pa Msewu Wakale wa pa Migowi

Okondedwa achimwene a Yohane,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tonse tili bwino, kupatula mawondo a mayi amene akuvutabe.

Msewu wakale wa pa Migowi, uja ankadutsamo amtengatenga opita ku Fort Lister, akuukumbira ngalande. Lachiwiri okumbawo anafukula khonde la sitolo ya malemu bambo, ija inakwiririka ndi napolo. Pasimenti pake padindika phazi la mwana! Ndinathamanga kukatenga mayi pa kabaza. Atangoliona anaseka mpaka misozi, amvekere, "Ili ndi la Yohane. Anaponda simenti isanaume, bambo ake n'kumuthamangitsa mpaka kumsika."

Kapitawo ankafuna kuphwanya khondelo kuti ngalande idutse. Mayi anakhala pansi pomwepo, nati, "Muyambe mwaphwanya ine." Anthu anaunjikana, akuluakulu n'kumalozerana pamene panali telala ndi chigayo kalelo. Mapeto ake okumbawo anatidulira bwinobwino chidutswa cha simenti chokhala ndi phazilo, ndipo tsopano chili kwathu, patsinde pa mpoza.

Mayi akuti Khirisimasi ino musatumize katundu, akufuna kuona inuyo. Ambuye akusungeni pamodzi ndi alamu ndi ana.

Ndine mlongo wanu,
Esinati