Zitseko Zopanda Zotsegulira Mkati

Lolemba, 9 Juni

Sindinalowe upolisi ine. Ndilibenso chibwenzi cha wapolisi, kaya amayi a khomo loyandikana nafe amva kapena ayi. Galimoto imene ndinaimika pakhomo dzulo ndi mphatso. Apolisi aikwera mpaka yatopa, ndiye aiponyera kukabungwe kathu kotengera odwala kuchipatala, poti yathu ija inafa. Ine ndikadali dalaivala, monga kale.

Mphatso yakeyo! Mizere ya buluu ilipobe, nyali ya padenga ilipobe, waya wotchinga pakati pa mpando wanga ndi wakumbuyo ali nji. Zitseko zakumbuyo zilibe zotsegulira mkati. Kumbuyoko kukununkha thukuta la anthu amantha. Ndatsuka, ndatsukanso, fungo silikuchoka.

Madamu, wapampando wathu, akuti isakhudzidwe ngakhale ndi chikhadabo mpaka Loweruka, tsiku la mwambo wopereka. Kubwera bwana wa polisi ndi atolankhani, ndiye pachithunzi pazioneka komwe yachokera.

Lachiwiri, 10 Juni

Tsiku la a Telala, mmodzi wa odwala athu, lokatsukitsa magazi. Impso zawo zinasiya ntchito, amakhala pa makina Lachiwiri ndi Lachisanu.

Nditangokhotera mumsewu wawo, ogulitsa m'mbali mwa msewu ayalula malonda n'kuthawa. Mayi wina wasiya tomato akugubuduka. A Telala atuluka atagwiririra mwana wawo wamkazi, aiona, aima pakhonde.

"Sindikwera."

Ndawauza kuti akhale kutsogolo ndi ine.

"Ndiye kuseri kwa wayako kukhale mwana wanga wotsalayu?"

Mwana wawoyo wandikokera pambali. Achimwene ake anatengedwa pakhomo pomwepo ndi galimoto ngati imeneyi, anabwera ali m'bokosi. Bambowa okha sangapite, akachoka pa makina amachita chizungulire, amafuna wowagwira. Minibasi sangaithe, miyendo inatupa.

Ndabwerera ndekha.

Lachitatu, 11 Juni

Ndalowa muofesi ya Madamu osagogoda. Ndawafotokozera zonse.

"Adikire Loweruka, si kutali. Pambuyo pake tidzakhala pansi tione."

"Impso sizidziwa kuti kuli mwambo, Madamu."

Avula magalasi. "Mwano umenewu ndi umene unakulepheretsa kumaliza yunivesite, iwe. Munthu akakupatsa chinthu umathokoza kaye."

Inde, sindinamalize. Iwo anamaliza, pepala lawo lili pakhoma, pafupi ndi chithunzi chawo akupatsa wakhungu bulangete uku akuyang'ana kamera. Ndithokoze ndani? Galimotoyi inagulidwa ndi msonkho wa amayi a tomato aja.

Akuti akonza zoti odwala awiri adzakhale kumbuyo pojambulitsa. Adzamwetulire kuseri kwa waya. Ndawafunsa ngati maunyolo abwera nawo apolisi kapena tikabwereke. Andiuza kuti ndituluke.

Lachinayi, 12 Juni

M'mawa ndadutsa kwa a Telala, wapansi. Nkhope yatupa, maso akuchita kusuzumira. Akupuma ngati athamanga. Andifunsabe kuti siketi yangayi anasoka ndani, akuti mpendero wake ndi wamanyazi.

Kuchoka kumeneko ndatenga galimoto, ulendo ku galaja ya alamu.

"Mlamu, ukufuna tonse tikagone m'chitokosi?"

"Musadandaule alamu, ndikakuperekezani ndekha. Galimoto yake ndi yomweyi."

Aseka, apukusa mutu, atenga makina odulira zitsulo. Waya wagwa pansi. Nyali ya padenga tazula, pabowo tamata. Zotsegulira tachotsa pa chigalimoto china chakufa kuseri kwa galaja, chimodzi chakuda, china chotuwa, koma zikugwira. Penti inalipo ndi yobiriwira yotsala pa geti. Tapaka ndi bulashi, dzuwa lili pamutu, aliyense wodutsa akuona. Asadzanene kuti ndinachita mobisa.

Akulu anga atulukira ndi tiyi, aiona, akuti ikuoneka ngati chule. Akutinso ndiganize za ana anga. Ndaganiza kale. Chule sanaphepo mwana wa munthu.

Lachisanu, 13 Juni

Madamu andipeza pageti la ofesi. Aiona galimoto, kukamwa yasa. Akuti ndipereke makiyi pompo. Ndawauza kuti ndibwera nawo madzulo, n'kuponda moto.

Mumsewu muja palibe wathawa. A Telala aizungulira pang'onopang'ono atatsamira mwana wawo. Alowa kumbuyo, atseka, atsegula. Atsekanso, atsegulanso. Kenako: "Penti iyi wapaka ndi tsache?"

Njira yonse dzanja lawo linali pa chotsegulira. Adokotala atikalipira kuti tikanachedwanso bwenzi tikunena zina. Pobwerera a Telala agona tulo, mutu paphewa la mwana wawo.

Foni yalira tsiku lonse. Sindinayankhe. Madzulo galimoto ndaisiya pa ofesi Madamu atachoka kale, makiyi ndapita nawo kunyumba.

Loweruka, 14 Juni

Mwambo unachitika, ine sanandiitane. Mlonda akuti riboni anaimanga pa chule yemweyo, bwana wa polisi anangoizungulira n'kufunsa ngati ili yomwe ija. Madamu anauza atolankhani kuti bungwe laikonza mwachikondi kuti odwala azimasuka. Mwachikondi! Penti ikadali m'zikhadabo zangamu.

Atabalalika anthu, andiitana. Ntchito yatha, akuti chifukwa chosamvera. Amadikira kuti ndigwade. Makiyi ndawaika patebulo mwaulemu wonse, ndatenga kapu yanga ndi ambulera.

Lamulungu, 15 Juni

Amuna awo a Madamu andiimbira. Akuti ndi iwo aziyendetsa mpaka apeze wina, ndipo sakudziwa kwa a Telala.

Ndawauza njira.